Mtengo wa apongozi ukundisowetsa tulo

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 28, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Wamkulu ali ndi zaka 6, wamng'ono akadayamwa. Timakhala pa Boma la Mchinji m'nyumba yomwe adasiya malemu apongozi anga aamuna. Amuna anga amagwira ntchito yothandiza amalonda kulemba mapepala a katundu kuchipata cha Mwami, choncho amalawira m'mamawa ndipo amabwera kutada.

Pakhomopa pali mitengo iwiri ikuluikulu yomwe malemuwo adadzala zaka zoposa 30 zapitazo. Wa mango uli kutsogolo, wa bulugamu uli kuseri, mamita anayi okha kuchokera pazenera la chipinda chogona ana. Vuto ndi wa bulugamuwu. Chaka chatha mvula yoyamba itabwera ndi chimphepo, nthambi idathyoka n'kuboola malata awiri. Mwamwayi ana adali pabalaza. Chichokereni tsiku limenelo mtengowu wapendekera kunyumba, dothi la mbali inayo latukuka, ndipo patsinde pake pamera bowa wolimba wooneka ngati mbale. Nthambi zina zikukhudza mawaya a magetsi opita kwa aneba, moti anebawo abwera kale kawiri kudzadandaula.

Ndikaiyamba nkhaniyi, bambo a kunyumba amangoti "tiona". Apongozi aakazi, omwe amakhala kwa Kamwendo, atamva adakwiya zedi. Ati ine ndine mtengwa, mitengoyo ndidaipeza, ndipo ndikufuna kufafaniza dzina la amuna awo pakhomopa. Alamu anga akuti abweretse anyamata awiri a zikwanje adzasadze mitengo yonse iwiri pakati kuti nkhani ithe, malipiro awo akhale nkhuni zomwezo.

Azakhali, mvula ili pafupi. Kukangochita mphepo usiku ndimanyamula ana kukagona nawo pabalaza. Ndaganiza zoitana anyamata anga amuna anga ali kuntchito, kuti pobwera adzapeze mtengo uli pansi. Kodi ndilakwa? Banja langa ndikulifuna, komanso ana anga ndikuwafuna amoyo.

Ine mayi wosowa tulo,
Mchinji Boma.

Zikomo mayi wosowa tulo,

Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza. Inde, mulakwa, ndipo chonde osayerekeza. Mukagwetsa mtengowo mwamseri, apongozi anu adzati, "si uja tinkanena uja," ndipo amuna anu adzavutika kukuikirani kumbuyo. Chachiwiri, mtengo wopendekera kunyumba, wowola patsinde komanso wokhudza mawaya sugwetsedwa ndi anyamata a ganyu. Ukhoza kugwera padenga lomwe mukufuna kulitetezalo, kapena mwana wa eni n'kufera pakhomo panu ndi magetsi. Pamenepo ndiye tulo mudzatisowa zenizeni.

Koma mantha anu si achibwana ayi. Zomwe mwafotokozazo ndi zizindikiro zomwe odziwa za mitengo amayamba kuyang'ana. Mtengo womwe udakula chopendekera kuyambira ubwana wake nthawi zambiri umakhala utazika mizu moyenerana ndi kupendekerako. Woopsa ndi womwe wayamba kupendekera posachedwa, makamaka ngati dothi la mbali inayo latukuka kapena lang'aluka, chifukwa ndiye kuti mizu yayamba kuzuka. Bowa wolimba wa patsindeyo akutanthauza kuti m'kati kapena kumizu mukuwola, ngakhale masamba akuoneka obiriwira. Tengani mpini wa khasu mugogode thunthu mozungulira. Likamamveka ngati ng'oma, m'kati muli mphako. Onaninso ngati chiswe chamanga njira zake kukwera m'thunthu. Pitirizani kugoneka ana pabalaza kufikira nkhaniyi itatha, ndipo masana asasewere kuseriko.

Tsono pakhomo panu aliyense akuweruza mtengowu ndi mtima. Inu mukuona ngozi, apongozi akuona amuna awo, alamu anu akuona nkhuni. Palibe yemwe waitana munthu woidziwa mitengo kuti adzauone. Pajatu safunsa adadya phula. Kumaiko ena kusamalira mitengo ya m'tauni ndi ntchito yophunzira payokha, ndipo omwe adakhalako ku Johannesburg akudziwa kuti mtengo wa m'mbali mwa msewu sudulidwa popanda chilolezo cha khonsolo ya mzindawo. Kuno kwathu akatswiri oterowo ndi ochepa, komabe tili ndi alangizi a zankhalango, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa kukoleji ya zankhalango ya ku Chongoni m'boma la Dedza. Ofesi ya zankhalango ya boma la Mchinji ili pa Boma pomwepo. Mupite ndi amuna anu mukapemphe kuti mlangizi adzaone mitengo yonse iwiri, ndipo tsiku lomwe adzabwerelo apongozi adzakhalepo. Mawu omwe akuwakana akachokera pakamwa pa mtengwa, akhoza kuwamva akachokera pakamwa pa mlangizi.

Za lamulo musadere nkhawa. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, limapatsa munthu ufulu pa mtengo womwe adadzala pamalo ake. Koma mitengo ina yachilengedwe monga mbawa ndi mlombwa ndi yotetezedwa, n'chifukwa chake kufunsa kaye kuofesi ndi kwabwino nthawi zonse. Za mawaya, kanenenitu ku ESCOM kuti adzaone ndi kuzimitsa magetsi pa tsiku la ntchitoyo. Nthambi yaiwisi imayendetsa magetsi, ndipo wokwera mumtengo safunika kugwira waya ndi dzanja kuti aphedwe. Dziwaninso kuti aneba akuchenjezani kale kawiri. Mtengowo ukadzagwera nyumba yawo, kwa amfumu kapena kukhoti adzanena kuti mudauzidwa, ndipo kulipira kwake kudzaposa ndalama yolipira odula.

Malinga ndi momwe mwaufotokozera, ndikukayika ngati wa bulugamuwo upulumuke. Mlangizi akagamula kuti uchoke, funani anthu oti adagwirapo ntchito yotere, ndipo mukaone nokha kapena kufunsa komwe adadulako kale. Pogwetsa mtengo wathunthu pamafunika malo opanda munthu otalika kawiri kutalika kwa mtengowo. Pa puloti ya m'tauni malo otere palibe, choncho odziwa ntchito amayambira kunsonga, kudula pang'onopang'ono, chidutswa chilichonse n'kumachitsitsa ndi chingwe. Iwo eni ndiwo aone ngati thunthu lowolalo lingakwereke. Wobwera ndi chikwanje chokha, wopanda zingwe, wopanda chisoti, kapena wonunkha kachasu, mubwezeni ndi ulemu. Mugwirizanetu pamaso pa mboni za malipiro, za mwini matabwa ndi nkhuni, komanso za yemwe adzakonze denga likaphwanyika. Tsikulo ana apite kwa anansi. Bulugamu amaphukanso pachitsa, ndiye muzidzathyola mphukira zikadali zanthete kapena muchizule chitsacho.

Maganizo a alamu anu osadza mitengo pakati akaneni. Ndikudziwa kuti ambiri timatero, ndipo m'matauni mwathumu mwadzaza mitengo yodulidwa mitu. Koma mtengo wosadzidwa choncho umatulutsa mphukira zambirimbiri pabalapo. Mphukirazo zimakula msanga koma zimangomata pakhungwa, pomwe pakati pa balalo pakulowa madzi n'kumawola. Pakatha zaka zochepa mumakhala ndi nthambi zolemera zokhala pamtengo wowola, ndipo n'zomwe zimathyoka chimphepo chikabwera. Ngozi mwangoikankhira kutsogolo n'kuikulitsa.

Wa mangowo simudaunenere choipa chilichonse, ndiye usafere mlandu wa mnzake. Umenewo ungofuna kuthenera. Nthambi zouma, zothyoka ndi zokhula malata zichotsedwe nthawi ina iliyonse. Kuthenera kwenikweni kudikire mukatha kudya mango, pa tsiku lopanda mvula, ndipo pachaka musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi zamasamba. Gwiritsani ntchito sowo yakuthwa, osati chikwanje. Nthambi yaikulu imadulidwa katatu. Choyamba chekani pang'ono kunsi kwake chapatali ndi thunthu, kuti pogwa isasende khungwa. Kenako chekani pamwamba, kutsogolo pang'ono kwa pomwe mudacheka poyamba, mpaka nthambi igwe. Pomaliza chotsani kachitsa kotsalako, koma musiye kamkombero kotupa kaja ka pomwe nthambi imalumikizana ndi thunthu. Pabalapo musapake oyilo wakuda, penti kapena kumatapo simenti. Katswiri wina wa ku America, Alex Shigo, adaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti mtengo umadzitchingira wokha bala lake kuti kuwola kusafalikire, ndipo kamkombero kaja ndi komwe kamatseka balalo. Zopakapakazo sizithandiza, nthawi zina zimangosunga chinyontho.

Tsopano za banja, poti ndi pomwe pagona nkhani. Amuna anu akamati "tiona" sikuti ana sawakonda. Ali pakati pa mayi awo ndi mkazi wawo, ndipo mtengowo ndi chinthu chomwe bambo awo adagwira ndi manja. Musayambe nkhaniyi iwo atangofika usiku ali otopa. Sankhani Lamulungu masana, muwatengere kuseri, aone okha dothi lotukukalo ndi bowayo, kenako ayang'ane zenera la ana. Musanene kuti "mtengo wa kwanuwu". Nenani kuti "ana athu akugona pansi pa ichi, titani?" Kwa Kamwendo apite iwo, kapena mupitire limodzi koma olankhula akhale iwo. Zikakanika, ankhoswe alipo, ntchito yawo si ya ndewu zokha.

Apongozi anu musawayankhe mwaukali. Mayi wamasiye akamakakamira mtengo, akuopa kuti amuna ake aiwalika. Apatseni china chogwira. Auzeni kuti wa mango ukhala ndipo muusamalira. Ngati mbali ya thunthu la bulugamuyo ili yabwino, ichekedwe matabwa, kalipentala akhome benchi yoika pansi pa mango, agogo akabwera azikhalapo ndi zidzukulu. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Aitaneni adzadzale okha mtengo wina m'dzina la malemuwo, mwana wanu wamkulu atagwirizira mbande. Sindikhulupirira kuti malemu apongozi anu adadzala mtengo uja kuti udzagwere mdzukulu wawo.

Kwa inu achinyamata omwe mukugula mapuloti pa Boma, kwa Kamwendo, kwa Mkanda ndi ku Kapiri, phunziranipo. Kuongola mtengo m'poyamba. Mbande yomwe lero ikukwana m'thumba la shuga, pakatha zaka 20 idzaposa denga lanu. Bulugamu adachokera ku Australia, amatha kutalika mamita oposa 30 ndipo amamwa madzi kwambiri. Malo ake ndi kumunda, kutali ndi nyumba ndi zitsime, komwe angakupatseni milimo ndi nkhuni. Malaina, kachere ndi mkuyu nazo zimafuna malo aakulu. Mizu yambiri ya mtengo imayenda chapamwamba m'nthaka ndipo imafika kutali kuposa pomwe pathera mthunzi, ndiye imatukula khonde ndi kulowa m'mapaipi ong'aluka ndi m'thanki ya chimbudzi. Mtengo waukulu utalikirane ndi khoma mamita 10 kapena kuposerapo. Pafupi ndi nyumba dzalani gwafa, malalanje, mapapaya, chammwamba kapena mango omezanitsa omwe mungamawathenere asadatalike. Musadakumbe dzenje yang'anani kumwamba ngati kuli mawaya, ndipo musadzale pamalire penipeni osauza mnzanu. Chaka chilichonse mu Seputembala kapena Okutobala zungulirani mitengo yanu, muone zouma, zong'aluka ndi zopendekera mphepo ya mvula yoyamba isadafike.

Sindikuti tidane ndi mitengo ayi. Khomo lopanda mtengo m'chilimwe ndi ng'anjo, ndipo mitengo yodzalidwa pamalo oyenera ndi yomwe imatchinjiriza madenga ku mphepo. Chofunika ndi kuisamala monga timasamalira denga ndi chitsime.

Mayi, sabata ino isathe musadalankhule ndi amuna anu, ndipo Lolemba likudzali mukhale mutafika kuofesi ya zankhalango ndi ku ESCOM. Chakudza sichiimba ng'oma. Mudzandilemberenso kundiuza momwe zathera.

Ine Azakhali anu.