Zilonda zapakhosi tisazipeputse

Mwera ukayamba kuwomba panyanja mu June ndi July, pamene asodzi a ku Msaka ndi ku Chembe akokera mabwato kumtunda, ana nagona mothinana m'nyumba zotseka, zilonda zapakhosi zimayenda khomo ndi khomo, ife makolo n'kumangoti ndi chimfine. Kunena zoona, kawirikawiri ndi mavairasi amene amatha okha.

Koma mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadzuka thupi lili moto, akulephera kumeza ngakhale phala, kukhosi kuli mafinya oyera, mwanabere atatupa m'khosi, koma osatsokomola, pamenepo tiope bakiteriya wotchedwa streptococcus. Pakuti iyeyu akalekereredwa, pakatha masabata awiri kapena atatu angathe kudzutsa nthenda yotupitsa mfundo, imene imawononga mavavu a mtima kwa moyo wonse. Paja mtsinje wa Tinkanena udathera m'Siizi.

Mankhwala ake ndi penicillin, jakisoni mmodzi kapena mapiritsi omwa masiku 10 osadukiza, ndipo ndinenetsa kuti makapisozi awiri ogula pamsika angonyenga kholo, kachiromboko n'kutsala. Amayi ndi abambo, mwana wotereyu pitani naye kuchipatala ku Mangochi boma kapena ku Monkey Bay tsiku lomwelo.