Santhe wakula, koma mwini wake ndani?

Sabata ino mundikhululukire, za ndakatulo ndaziika kaye pambali. Ndikulemba ndili pa Santhe kuno ku Kasungu, ndipo ndili ndi mlandu ndi boma, ndi aphungu, komanso ndi inuyo amene mukuwerenga.

Kwa amene simunafikeko, Santhe ali pamsewu wochokera ku Mchinji wodzera pa Kamwendo kulowera ku Kasungu. Kuno ndi kuchimake kwa fodya. Okushoni ya Chinkhoma ikatsegulidwa, malole a mabelo amadutsa usana ndi usiku, ndipo malo ano amasanduka tauni yeniyeni: a kaunjika, akabaza, a chiwaya, mabala osatseka, nyumba zogona alendo. Ikamafika Januwale ndalama ya fodya yatha, chotsala ndi matope, zinyalala ndi ngongole.

Tsono taonani mayi wogulitsa tomato mumsika. Asanagulitse ndi mulu umodzi womwe, wodula matikiti wafika kale. Amalipira nthawi ya fodya, amalipiranso nthawi ya njala. Funso langa ndi ili: ndalama ija ikachoka pamfundo ya chitenje cha mayiyu, imakagona kuti? Pitani mumsika wa kwanu, kaya ndi pa Nkhamenya, pa Jenda, pa Lizulu kapena pa Thondwe, mukafunse kuti mwezi wathawu msika unatolera zingati, ndipo zingati zinabwerera kudzakonza chimbudzi ndi ngalande. Mukapeza wokuyankhani ndi manambala, mundiuze, fanta ndigula ine.

Si kuti malamulo kulibe ayi. M'chaka cha 1998 dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija tinkaimva pawailesi kuti mphamvu ku anthu. Misika, ukhondo, zinyalala ndi misewu ing'onoing'ono zinaikidwa m'manja mwa makhonsolo. Ndondomekoyo inalonjezanso kuti boma lizipereka kumakhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe latolera. Papepala zinali zokoma ndithu.

Koma tamverani zomwe zinachitika. Tinasankha makhansala m'chaka cha 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo akuyenda opanda munthu wosankhidwa kudzaimira wodi yanu! M'kati mwa zaka zomwezo, mu 2006, kunabadwa thumba la CDF, ndipo mu 2010 aphungu anasintha lamulo n'kudzipatsa mphamvu yovota m'makhonsolo. Mwana amene anakula nthawi imeneyo anaphunzira chinthu chimodzi: chitukuko chimachokera m'thumba la phungu. Mpaka lero mjigo ukaonongeka timathamangira kwa olemekezeka, bokosi la maliro kwa olemekezeka, ngakhale mpira wa anyamata kwa olemekezeka. Khansala anabwerera mu 2014 n'kupeza mpando wake pakhala kale wina.

M'chaka cha 2025, bungwe la makhonsolo la MALGA litakadandaula, khoti linagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF ndi kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Ambiri tinaomba m'manja. Koma ine ndikuti musafulumire kuvina. Kuchotsa ndalama m'manja mwa phungu n'kuziika m'manja mwa khonsolo imene palibe akuifunsa kanthu, ndi kusintha mphika chabe, ndiwo zake zomwezo.

Ndikudziwa ena mundiyankha kuti, "Achimwene, makhonsolo alibe ndalama, boma limatumiza zochepa, mochedwanso." N'zoona, sindikutsutsa. Koma munthu wosauka ndiye amadziwa bwino makobidi ake onse. Kulemba pabolodi kuti mwezi uno tatolera zakuti, tagwiritsa ntchito zakuti, kumafuna choko basi. Ena muti makhansala ambiri sukulu inawavuta, sangawerenge bajeti. Chabwino, nanga anawasankha ndani? Pa 16 Seputembala 2025 munalandira mapepala atatu. La pulezidenti munali mutaliganizira miyezi, la phungu munakanganirapo m'minibasi, koma lachitatu lija, nenani zoona, simunangochonga potsata mtundu wa chipani? Panopa ndikufunseni dzina la khansala wa wodi yanu, mutchula osayamba mwafunsa mnzanu?

Palinso vuto lina limene malo ngati Santhe ali nalo. Tauni ya Kasungu ili ndi khonsolo yakeyake, yosiyana ndi khonsolo ya boma lonse. Malo ngati ano amakhala pansi pa khonsolo ya boma, imene maofesi ake ali kutali, ndipo imayang'aniranso midzi yambirimbiri. Anthu akuchulukana ngati m'tauni, koma ulamuliro wake ndi wa kumudzi. Yendani m'malo ochitira malonda a dziko lino muone: mapuloti akugulitsidwa popanda wosiya njira, bala pafupi ndi sukulu, chimbudzi pafupi ndi chitsime. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda amenewa safunsa kuti pano ndi mzinda kapena ndi mudzi, amangofuna anthu ambiri ndi madzi oipa. Tikadikira kuti Santhe adzafike pa msinkhu wa Mponela kapena Lunzu ndiye tidzayambe kujambula misewu, tidzapeza pomwe panayenera kudutsa ngalande pali kale nyumba ya njerwa zootcha. Paja amati kuongola mtengo n'kuuyamba uli waung'ono.

Zimene ndikufuna si zakumwamba. Choyamba, pakhomo pa msika uliwonse pakhale bolodi lolembedwa m'Chichewa, kapena chiyankhulo cha m'deralo, losonyeza zotolera ndi zogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, gawo lodziwika la ndalama za matikiti lizitsala pamsika pomwepo, lilembedwe m'malamulo a khonsolo, komiti ya msika izisaina nawo. Chachitatu, malo onse amalonda amene akukula akhale ndi mapu ovomerezeka ndi khonsolo, mafumu ndi eni malo, opachikidwa poyera.

Chida chofunsira tili nacho. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani ndi zikalata zaboma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Silinalembedwere atolankhani okha. Inuyo a m'gulu lino mumatha kulemba, mumatichemerera ndi ziganizo zokongola sabata iliyonse pa Facebook pano. Mayi wa tomato uja alibe nthawi yolemba kalata, dzuwa limamulowera ali pamulu. Tengani pepala, mulembere bwanamkubwa wa boma lanu, mufunse zinthu ziwiri zokha: msika wakutiwakuti unatolera zingati chaka chatha, ndipo zinagwira ntchito yanji? Musunge kope lodindidwa.

Ine yanga ndikukaipereka Lolemba. Yankho likabwera ndidzaliika pano momwe lilili, ndipo likapanda kubwera ndidzakuuzani masiku amene ndadikira. Inunso mudzatero, tidzaone kuti ndi boma liti liyambe kuyankha.