Ndine m'busa, ndikudikira kamera ya m'mimba, ndipo ndikuopa

Nkhaniyi ndayilemba m'kachipinda ka alonda pageti la nyumba yosungiramo katundu kuno ku England, nthawi ili cha m'ma 3 koloko usiku. Lole yomaliza ikatuluka kumangoti zii. Ndimatsala ine, makamera a CCTV ndi mimba yanga. Lamlungu mumandiona pa guwa nditavala tayi, ndikukweza mawu. Simundiona usiku ngati uno, dzanja lili pansi pa nthiti, ndikudzifinya kuti ndimve ngati pali chotupa.

Patha miyezi itatu chiyambireni. Poyamba chinali chilungulira, kenako kutupidwa ndi kugeya kosatha, ndiye tsiku lina nsima inakhala ngati yaima pachifuwa, osatsika. Ndinapirira milungu ingapo ndikumwa Gaviscon mobisa ngati mwana wakuba shuga. Nditapita kwa GP, anandimvetsera bwinobwino, ananditenga magazi, anandipatsa kabotolo koikamo chimbudzi, ndipo atamva zoti chakudya chikumaima anati anditumiza mwachangu ku gastroscopy, kuyeza kolowetsa kachubu kokhala ndi kamera kudzera kukamwa. Kalata yabwera, tsiku analemba. Panopa ndili pakati, ndipo pakatipo ndi pamene ndikufuna tikambirane.

Maganizo anga ndi awa: m'mipingo yathu ya chipentekoste tasandutsa mantha kukhala tchimo lochititsa manyazi, ndipo zimenezi zikudwalitsa anthu kawiri. Munthu akangonena kuti adokotala akufuna kumuyeza, sitimulola n'komwe kumaliza chiganizo. Wina wafuula kale kuti tikukana m'dzina la Yesu, wina akuti usavomereze lipoti la munthu, wina akuti pakamwa pako ndi pamene pakukulodza. Iye uja amavomera "Amen", kubwerera kunyumba, n'kukagona ndi mantha ake omwe aja, kuphatikiza ena atsopano oti mwina chikhulupiriro chake n'chochepa. Ena amafika posapita tsiku limene anawaitana ku chipatala, poopa kuti kupitako ndi kuvomereza matenda. Ineyo ndakhala ndikuyankhula choncho kwa anthu. Ndimaganiza kuti ndikuwalimbitsa. Tsopano ndili mbali inayo, ndazindikira kuti ndimawatseka pakamwa.

Musandimve molakwa. Ndimakhulupirira machiritso, ndimadzoza odwala mafuta monga kalata ya Yakobo imalangizira, ndipo sindisiya. Koma kusukulu ya Baibulo tinawerenganso mavesi amene sitikonda kuwalalikira pa misonkhano ya chitsitsimutso. Timoteo, m'busa wachinyamata wa ku Efeso, ankadwaladwala m'mimba. Paulo, amene nsalu zochokera pathupi pake zinkachiritsa anthu mumzinda womwewo, sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Pa 1 Timoteo 5:23 anamupatsa malangizo a kamwedwe, mankhwala a nthawi imeneyo. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Ndipo pa Afilipi 2, pofotokoza za Epafrodito amene anatsala pang'ono kufa, mtumwiyo sabisa kuti iye mwini anali ndi chisoni ndi nkhawa. Mfumu Hezekiya inalira moyang'ana khoma, Mulungu anaiwonjezera zaka 15, koma Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa chithupsacho. Ngati anthu amenewa akanakhala a mu fellowship yathu, tikanawaitanira kutsogolo kuti tiwachotse mzimu wa mantha.

Mantha athu ife obwera ali ndi mizu yake, ndipo si opusa. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Ambiri a ife tinaonapo munthu kumudzi amene anayamba kulephera nsima, kenako phala, kenako madzi, n'kukafika ku Queens kapena ku Kamuzu Central zinthu zitatha kale. Ine ndinaona amalume anga akupita njira imeneyo ndili mnyamata. Choncho chakudya chikaima pakhosi panga, sindiona chilungulira, ndimaona nkhope ya amalume. Onjezerani maganizo amene munthu wobadwira kuno sangawamvetse: ndani adzalipira fizi ya ana a mlongo wanga, mayi adzadya chiyani ndalama ya mwezi ikasiya kupita, thupi langa adzalitumiza bwanji kumudzi, kodi gulu la pa WhatsApp lidzasonkha zokwanira? Ndadzipeza ndikuwerengera mtengo wa maliro anga pamene dokotala sanandione n'komwe m'kati. Ndipo ukalakwitsa kuuza achibale kumudzi, yankho limabwera msanga: anakudyetsa, wina akuchitira nsanje chifukwa uli kunja. Apo ndiye mantha amapeza dzina la munthu, n'kuyamba kuwononga ndi ubale womwe.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi kumvetsa kuti mimba ndi mutu zimayankhulana. Achewa tinadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake timati mantha amatsegula m'mimba. Pali mitsempha yolumikiza ubongo ndi matumbo, ndipo munthu akaopa thupi limatulutsa adrenaline, kugaya chakudya kumasokonekera, njala imatha, nseru imabwera, pakhosi pamakhala ngati pali kanthu. Ndiye taonani msampha wake. Mimba yapweteka, waopa. Chifukwa choopa, mimba yapwetekanso kwambiri. Sukudya bwino, thupi latsika, lamba wakhwepa, ndiye wati eya, ndi khansa basi. Kudzifinyafinya pamimba kufuna chotupa kumasiya malowo akuwawa, mawa lake n'kumawerengera kuwawako ngati chizindikiro chatsopano. Izi sizikutanthauza kuti ululu ndi wongoganizira. Ululuwo ndi weniweni, ndipo chimene chinauyambitsa chiyenera kufufuzidwa. Koma mantha amauwonjezera moto.

Ntchito ya usiku imathira mafuta pamotowo. Ife alonda, anzathu osamalira okalamba, oyeretsa m'maofesi ndi a m'mafakitale timadya nthawi imene thupi likufuna kugona, timamwa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu kuti maso asatseke, msana ukapweteka timameza ibuprofen m'mimba mulibe kanthu, pamene mankhwala amenewa amadziwika kuti amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba. Tikafika kunyumba m'mawa timadya n'kugona pompo, asidi n'kukwera kum'mero. Kenako pali foni. Usiku wina ndinakhala maola awiri pa Google, ndipo pofika 5 koloko ndinali nditadzipeza ndi matenda anayi, onse akupha. Google sanandifunse zaka zanga, sanaone magazi anga, amangopereka choopsa kwambiri chifukwa n'chimene ndimadina.

Pali mfundo zingapo zimene ndimadzikumbutsa, ndipo ndikuona kuti si kusowa uzimu kuzidziwa. A NHS amanena okha kuti mwa anthu 10 otumizidwa mwachangu poganizira khansa, pafupifupi 9 amapezeka alibe khansayo. Amatumiza anthu ambiri dala kuti ochepa amene ali nayo apezeke msanga, nthawi imene chithandizo chimagwira bwino. Mawu oti "urgent" pa kalata akufotokoza liwiro la mzere, osati chimene apeza. Kuno ku England cholinga chawo n'choti munthu wotumizidwa motere auzidwe pasanathe masiku 28 ngati ili khansa kapena ayi, ndipo ngati masiku akupita osamva kanthu muli ndi ufulu woimba foni n'kufunsa. Zinthu zofala zimene zimayambitsa mavuto ngati anga ndi asidi wokwera kum'mero, kutupa kwa khungu la m'kati mwa chifu, ndi kachilombo kotchedwa H. pylori. Kachilomboka n'kofala kwambiri mwa anthu okulira ku Africa, ambiri timakatenga tili ana, ndipo kamatha ndi mankhwala a sabata imodzi kapena ziwiri. Kale anthu ankati zilonda za m'mimba zimangobwera ndi nkhawa ndi tsabola, mpaka madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti kachilomboka ndiye gwero la zambiri, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Ine ndimaona dzanja la Mulungu ngakhale pamenepo.

Komabe sindikulonjezani kuti nonse mudzakhala pa 9 aja, ngakhale ineyo sindingadzilonjeze. N'chifukwa chake pali zizindikiro zosayenera kudikira nazo tsiku la pa kalata, kapena kudikira Lamlungu kuti abusa akupempherereni. Mukasanza magazi kapena zinthu zooneka ngati matsalira a khofi, chimbudzi chikakhala chakuda bii ngati phula, mimba ikapweteka mwadzidzidzi kwambiri, kapena ngakhale madzi akamakana kutsika, pitani ku A&E kapena imbani 999. Zikangosintha koma simukudziwa kukula kwake, imbani 111 kapena bwererani kwa GP. Ululu wa pachifuwa wobwera ndi thukuta ndi kubanika musautche chilungulira, ungakhale mtima. Tidzapemphera tili m'galimoto.

Tsopano ndinene zimene ndikuchita ine, osati monga lamulo. Choyamba chinali chovuta kuposa zonse: ndinauza mayi a kunyumba. Ndinawabisira mwezi wathunthu poganiza kuti ndikuwateteza, pamene iwo anaona kale kuti ndikusiya nsima m'mbale ndipo ankaganiza zinthu zoipa kuposa zenizeni. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nkhani za chimbudzi, mpweya ndi matumbo sitizikamba, makamaka ife amuna, makamakanso ife azibusa. Ndinauzanso mkulu wa mpingo mmodzi, bambo wachikulire amene samafulumira kuyankha. Anangoti, "Abusa, n'zoopsadi kudikira. Tsiku lake ndi liti?" Analemba tsikulo m'kabuku kawo, kenako tinapemphera. Usiku umenewo ndinagona tulo koyamba.

Foni ndimaisiya m'chikwama pakati pa 1 koloko ndi 5 koloko, ndimatsala ndi wailesi ya ntchito yokha. Maganizo akabwera ndimawalemba pa pepala ngati mafunso okafunsa adokotala, ndipo ambiri akaonedwa masana amachepa okha. Sikelo ndinaichotsa kubafa, ndimadziyeza kamodzi pa sabata. Ndimapemphera mosabisa, monga Masalimo ambiri amachitira, kuyamba ndi kuuza Mulungu kuti ndikuopa, osati kumunamiza kuti ndili bwino. Masiku ena zimathandiza, masiku ena ayi. Lachiwiri lapitali ndinazungulira mpanda maulendo opitirira amene ntchito imafuna, chifukwa kukhala pansi kumandikanika.

Pa nkhani ya kusala kudya ndikudziwa kuti ena simugwirizana nane. Mpingo utalengeza masiku osala, ine sindinasale chakudya, ndinasala foni. Munthu amene akumuganizira zilonda za m'mimba, kapena wa shuga, asakakamizidwe kukhala tsiku lonse osadya kuti aonetse kuti ndi wauzimu. Eliya atathawa Yezebeli n'kufika popempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamupatse masiku osala. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumulola kugonanso. Ndipo za mankhwala, tsatirani kalata yanu ya chipatala. Yanga inandiuza kuti ndisiye kaye omeprazole kufikira atandiyeza, zimene zabwezeretsa chilungulira ndi mantha ake omwe, koma ndikudziwa chifukwa chake. Musasiye mankhwala alionse chifukwa m'bale wina wanena, kapena chifukwa mwamva kutentha pa nthawi ya mapemphero.

Kwa atsogoleri anzanga, pempho langa n'lakuti tipatse malo umboni wa munthu amene akudikirabe. Timangoimika kutsogolo amene nkhani yake yatha bwino, ndipo odikira amakhala kumbuyo akudziona olephera. Munthu akatiuza za kuyezedwa, tiyambe tafunsa tsiku, tifunse ngati ali ndi womuperekeza, tione ngati wina angamugwirire shifiti, chifukwa kwa ambiri a ife tsiku losagwira ntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Amene Chingerezi cha kuchipatala chimawavuta adziwe kuti angapemphe womasulira kwaulere. Ndipo m'bale amene akuopa kupita kwa dokotala chifukwa cha mapepala ake auzidwe kuti ku England kulembetsa ndi kuonana ndi GP n'kwaulere kwa aliyense, posatengera kuti mapepala ali bwanji. Zimenezi n'zofunika kuzilengeza pa guwa monga timalengezera za msonkhano wa amayi.

Tsiku langa ndi Lachinayi la sabata yamawa, 10 koloko m'mawa. Andiuza kuti ndisadye kwa maola 6 ndisanapite, ndipo kuyezako kumatenga mphindi zosapitirira 15. Ndingasankhe mankhwala opopera pakhosi kapena jakisoni wogonetsa pang'ono. Poyamba ndinati opoperawo akwana, ndine mwamuna, koma mayi a kunyumba anangondiyang'ana, ndiye ndasankha jakisoni. Akatero sulola kuyendetsa galimoto kwa maola 24, choncho mkulu wa mpingo uja wati adzanditenga pakhomo 9 koloko. Lamlungu likubwerali ndilalikirabe, ndipo pa nthawi yopempherera odwala ndidzatsika pa guwa n'kuima nawo pamzere.