Nzeru zosungira zambiri m'kankhokwe kakang'ono

Mukapita kuchipatala, anamwino amakupanitsani kachipangizo pachala koyeza kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi. M'kati mwake muli kakompyuta kochepa ngati chikhadabo. Kamalandira manambala ochokera ku kuwala kodutsa m'chala chanu, kuchotsa zosokoneza, n'kuonetsa yankho. Sabata ino tikambe za mutu umene umawawa anthu olemba mapulogalamu a tizipangizo totere: kuchepa kwa memory, malo osungira manambala pamene ntchito ili m'kati.

Titenge chitsanzo cha Arduino Uno, kabolodi kamene ophunzira zamagetsi ambiri amayambira. Chip yake, ATmega328P, ili ndi RAM ya mabayiti 2,048 basi. Mauthenga a SMS odzaza 15 sangakwanemo.

Tsono wophunzira akufuna kuti kabolodika kazisiyanitsa mawu okwera ndi otsika. Njira yodziwika ndi masamu otchedwa FFT, amene James Cooley ndi John Tukey adafalitsa mu 1965. Akatenga miyeso 256, n'kusunga uliwonse ngati nambala ya madesimo, muyeso umodzi umadya mabayiti anayi. Masamuwa amafuna mizere iwiri ya manambala, choncho zonse pamodzi ndi 2,048. Nkhokwe yadzaza pulogalamu isanayambe n'komwe.

Ena amati ingogulani chip yaikulu. Koma walira mvula walira matope: chip yaikulu kawirikawiri imakwera mtengo ndipo imadya batire. Kuchipatala chakumudzi kumene magetsi ndi a sola, zimenezi si zazing'ono.

Akatswiri amayamba ndi kuchepetsa kukula kwa nambala iliyonse. Choyezera cha Arduino Uno chimapereka manambala oyambira 0 mpaka 1,023, ndipo oterewa amakwana m'mabayiti awiri. Pamenepo theka la malo lapulumuka. Kenaka amalemba mayankho pamwamba pa miyeso imene yatha ntchito, monga mayi wa mphika umodzi amene amapakula ndiwo, kutsuka, n'kuterekamo nsima. Manambala osasintha, amene masamuwa amangowerengako, amawaika ku flash, gawo lina la chip lomwe lili ndi malo a 32 KB. Ndipo ngati ntchito ikungofuna miyeso yatsopano yochepa, muyeso watsopano umalowa m'malo mwa wakale kwambiri, kuzungulira choncho.

Koma kusinira kuli ndi msampha wake. Nambala ya mabayiti awiri yokhala ndi mbali ya minus imalekeza pa 32,767. Kuphatikiza kukapyola pamenepo, yankho limatembenuka n'kukhala la minus, ndipo chipangizo sichidandaula, chimangoonetsa bodza. N'chifukwa chake olemba osamala amagawa manambala pawiri pa sitepe iliyonse ya FFT, ndipo amayesa pulogalamu ndi miyeso yaikulu kwambiri isanafike kwa wodwala. Kupulumutsa mabayiti n'kupereka yankho lolakwika kwa namwino sikupindula kanthu.

Achinyamata athu amene mukuphunzira lusoli, musanyoze kachipangizo chifukwa chotchipa. Kompyuta imene idatsogolera chombo cha Apollo 11 kumwezi mu 1969 idali ndi malo olembamo manambala 2,048 okha. Musanapemphe ndalama za chip ina, tengani pepala ndi pensulo, muwerenge bayiti iliyonse imene pulogalamu yanu ikudya, mudzifunse ngati ikufunikadi.