Mtengo wa nandolo wa pa Migowi umakonzedwa kutali

Mlimi akaika thumba la nandolo pa sikelo ya venda pa Migowi, mtengo womwe amauzidwa umakhala utaphikidwa kale ku New Delhi. Dziko la India ndilo limagula nandolo wambiri wa kuno.

Mu Ogasiti 2017 boma la India lidalamula kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mitengo idagwa, matumba nkuunjikana m'nyumba mpaka kufumbwa. Anzathu a ku Mozambique adali ataona patali: mu Julaye 2016, nduna yaikulu ya India Narendra Modi atafika ku Maputo, adasainirana pangano loti India azigula mbewu zawo za mtundu wa nyemba kwa zaka zingapo. Ife tidadzapeza lathu mu 2021, la matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Zaka zinayi zapakatipo adazilipira ndi mlimi wa ku Phalombe.

Ena amati dziko losauka ngati lathu silingakonze za zaka makumi awiri, chifukwa mwini msika amasintha maganizo malinga ndi mvula ya kwawo. Sakunama: ngakhale alimi a ku Mozambique adalira mu 2017, pangano lili m'manja. Amatchulanso doko la Nsanje lomwe Bingu wa Mutharika adalitsegulira mu Okutobala 2010. Masomphenya adalipo, koma sitima sizikufikako mpaka lero.

Ine nkhani ya Nsanje ndimaiona mosiyana. Chidalephera pamenepo si kuganiza za kutsogolo ayi. Tidamanga doko tisanagwirizane mokwanira ndi Mozambique, mwini wa Zambezi, njira yokhayo ya dokolo yotulukira kunyanja. Ndondomeko yeniyeni imayamba ndi kufunsa kuti mnansi apindulapo chiyani, ndipo imakhalabe mtsogoleri akasintha. Imafunanso kuti akazembe athu azisaka ogula ena nthawi isanathe, komanso kuti nandolo azisendedwa konkuno, osadalira khomo limodzi.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amanena za ulimi wamalonda. Unduna woona za ubale ndi maiko akunja uyenera kuyesedwa ndi mawu amenewo. Nandolo amabzalidwa ndi mvula yoyamba, nkudzakololedwa patatha miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposa, ndipo mlimi wa pa Migowi ayenera kudziwa womugula asanatenge khasu.