Pakhomo Pathu: Maso a mwana nawo amafuna maphunziro

Makolo ambiri timalimbikira kuti mwana adziwe kuwerenga zilembo, koma zoti aphunzire kuyang'ana bwino sitiziganizira. Timangoti aliyense wokhala ndi maso amaona. Komatu akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku mwana sabadwa nako.

Nkhaniyi ikukhudza moyo weniweni. Lamba amene alangizi a zaumoyo amayezera mkono wa mwana amalankhula ndi mitundu: wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Kwa mwana wa miyezi 6 mpaka 59, mkono wosakwana masentimita 11.5 umagwera pofiira, kusonyeza kunyentchera koopsa. M'buku la kusikelo, mzere ukaleka kukwera ndiye kuti mwana sakukula bwino. Zikhatho zotuwa zimachenjeza za kuchepa kwa magazi. Mtsikana amene anazolowera kusiyanitsa mitundu ndi kutsata mizere adzaziona msanga zizindikirozi akadzakhala mayi.

Mulungu wathu sanyozera muyeso. Pa Eksodo 25 anapatsa Mose kutalika, kufupika ndi msinkhu wa likasa, ndipo pa chaputala 31 anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito zaluso. Ngakhale mitundu ya nsalu za m'chihema anaitchula yekha.

Abale a ku Rumphi, zophunzitsira muli nazo pafupi. Yambani ndi maonekedwe a zinthu. Lichero ndi lozungulira, chitseko chili ndi makona anayi, ndipo chibaluwa cha nyumba chimathera m'makona atatu. Mwana afufuze maonekedwe atatuwa pa mkeka, pa dengu ndi pa chitenje cha amayi ake, kenako awajambule pansi ndi kamtengo.

Chachiwiri ndi kukula kwa chinthu pochiyerekeza ndi chinzake. Ana amakonda kujambula munthu wa mutu waukulu ndi timiyendo tating'ono. Musawaseke. Tengani chingwe, muyeze mutu wa abambo kuchokera paliwombo mpaka pachibwano, ndipo muone kuti ukulowa kangati mu msinkhu wawo. Mupeza kasanu ndi kawiri kapena kupitirira pang'ono, pamene kwa khanda ndi kanayi kokha. Atambasulenso manja: kuchokera chala ichi kufika icho n'chimodzimodzi ndi msinkhu wawo, kusiyana kwake n'kochepa. Apa mwana waphunzira masamu osadziwa.

Chachitatu ndi mitundu. Penti wa m'sitolo si wofunikira. Dothi lofiira, makala ndi phulusa, zomwe amayi amazirira nyumba, n'zokwanira. Mukapeza choko kapena makrayoni, asakanize wachikasu ndi wabuluu aone wobiriwira akutuluka. Pa chakudya, awerenge mitundu ili m'mbale. Ngati muli nsima yoyera ndi ndiwo imodzi basi, adziwe kuti pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya ena akusowa.

Magulu a Pathfinder angapite patali. Ku Nyika kuli mbidzi, ndipo palibe ziwiri zofanana mizere. M'nyengo ya mvula kumaphuka maluwa a orchid a mitundu pafupifupi 200. Ku Livingstonia, mishoni imene Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894, m'tchalitchi muli zenera la magalasi amitundu losonyeza David Livingstone ndi anzake, nyanja ili kumbuyo. Afunseni ana: ndani waikidwa pakati? Ndani akuoneka wamkulu? Wojambulayo amafuna tione chiyani poyamba?

Mafunso omwewa ndi amene adzawateteze pafoni, pamene chithunzi chotsatsa mankhwala ochepetsa thupi kapena oyeretsa khungu chakonzedwa kuti chinyenge maso. Kusukulu kuli phunziro la Expressive Arts, koma mphunzitsi mmodzi sangathe kuima pambali pa mwana aliyense.

Sabata likubwerali masana, tulukani ndi ana. Aliyense asankhe tsamba limodzi, aliyang'ane modekha, anene maonekedwe ake, mitsempha yake ndi mitundu yake. Lamulungu alijambule, ndipo chithunzicho muchipachike pakhoma.