Musanagule sola ya kudimba, funsani zaka zake

Alimi anzanga, mukamagula sola yoyendetsera pampu ya mthirira, musamangofunsa mawatsi ndi mtengo. Funsaninso kuti idzakutumikirani zaka zingati.

Sola nayo imatha ngati khasu, pang'onopang'ono. Ofufuza a bungwe la NREL ku America adapeza kuti mapanelo ambiri a silicon amataya pafupifupi theka la peresenti ya mphamvu zake chaka chilichonse. N'chifukwa chake makampani odalirika amalemba lonjezo lakuti pakatha zaka 25, paneloyo idzakhala ikutulutsabe 80 peresenti kapena kuposerapo. Wogulitsa akalephera kukuonetsani pepala limeneli, bwererani nazo ndalama zanu za soya.

Mudzamvanso za perovskite, mtundu watsopano umene asayansi a ku Japan adayamba kuyesa mu 2009. Mphamvu uli nayo ndithu, koma akatswiri akulimbanabe ndi vuto lakuti chinyontho ndi kutentha zimauwononga msanga. Tangoganizani dzuwa la ku Chikwawa mu Okutobala! Ukadzafika m'misika yathu, ine ndikuti dikirani kaye, dimba lanu lisakhale poyesera.

Sola yomwe muli nayoyo isiyireni mpata pansi kuti mphepo izidutsa, chifukwa ikatentha kwambiri imachepa mphamvu. Fumbi muzilitsuka m'mamawa, popeza madzi ozizira angathe kung'alula galasi lotentha.